KAPITAO WOBISIKA M'BATIRE LA SOLA

Munthu amene anacoka mu Lusaka zaka zisanu zapitazo, akabwerera lero nakweza maso kuyang'ana pa madenga, adzaona cinthu cimene kale cinali cosowa. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene nyumba zimabisala kuseri kwa mipanda yaitali, madenga ambiri afunda magalasi akuda okolola mphamvu ya dzuwa, aja ochedwa mapanelo a sola. Ku Chelstone, m'mbali mwa mseu wa Great East umene mabasi a ku Chipata amadzera, magalasi omwewo aoneka pa nyumba za anthu a pa nchito ndi za opuma pa nchito. Ku Kabwata nako, ometa tsitsi, osoka zobvala ndi osunga nyama m'mafiriji anadzimana zina kuti agule awo.

Pansi pa denga lotere, pa cipupa ca m'khichini kapena m'cipinda cosungiramo katundu, pamakhala bokosi la citsulo, lina laling'ono, lina lolemera pafupi-fupi ngati thumba la cimanga. Limeneli ndilo batire la lithiamu, nkhokwe yosungiramo magetsi a masana kuti adye usiku. Pa zipangizo zonse za sola, ndilo kawiri-kawiri limatha ndalama zambiri.

Koma pamodzi ndi mabokosi amenewa pafika dandaulo limene amisiri a magetsi analizolowera. Mwini nyumba amati batire lake poyamba linali kufika m'mawa, koma patapita miyezi ingapo linayamba kuzima pakati pa usiku, pamene manambala a pa makina ali kuonetsa kuti mphamvu ikalipo. Ena amafulumira kunena kuti wamalonda anawagulitsa cinthu cabodza, ndipo nthawi zina zimakhala zoona. Koma nthawi zinanso batirelo limakhala lamoyo ndithu. Cimene cacitika ndi cakuti zipinda za m'kati mwake zasiyana msinkhu, ndipo kapitao amene anaikidwamo kuti azizilinganiza sanapatsidwe mpata wogwira nchito yake.

Nkhani imeneyi si ya anthu a m'tauni okha. Mlimi wa ku Petauke, Katete, Chadiza kapena Lundazi akagulitsa cimanga, nshawa kapena thonje, amatuma mwana wake wa ku Lusaka kuti akamgulire batire m'masitolo a mu Cha Cha Cha Road, mu Freedom Way kapena ku Kamwala, nalikweza basi pa Intercity. Thukuta la caka cathunthu limalowa m'bokosi limodzi. Tsono ndi bwino kuti mwini thukutalo adziwe cimene cili m'kati mwa bokosilo.

CILALA CA 2024

Pofika caka ca 2024, magawo oposa 80 pa 100 alionse a magetsi a m'Zambia anali kucokera ku madzi, maka-maka ku Kariba pa mtsinje wa Zambezi ndi ku Kafue Gorge. Mvula ya nyengo imeneyo inakana, ndipo pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Dzuwa lomwe linaumitsa cimanga m'minda ndi lomwe linaphwetsa nyanja ya Kariba. M'mwezi wa March kampani ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku, ndipo pofika September madera ambiri anali kukhala mu mdima maola 21, kuona magetsi maola atatu okha, mwina pakati pa usiku anthu ali m'tulo.

Ndi pamene anthu a mu Lusaka anathamangira ku masitolo a sola. Ena anagula mapanelo, batire ndi makina osandutsa magetsi a m'batire kukhala a m'nyumba, ochedwa inveta. Ena, posowa ndalama, anagula batire ndi inveta basi, ndi kumadalira maola ocepa aja a ZESCO kuti alidzaze. Ambiri anagula mwa cangu, osafunsa mafunso.

M'KATI MWA BOKOSI

Anthu a m'midzi amalidziwa bwino batire la galimoto, lija linali kuliza wailesi ndi kunyamulidwa pa njinga kupita nalo ku boma kukalichaja. Pamwamba pake pali zotsekera zisanu ndi cimodzi, cifukwa m'kati mwake muli zipinda 6 za mtovu ndi asidi. Cipinda cimodzi cotere amisiri amati selo. Selo lililonse limapatsa mavoliti 2, ndipo onse pamodzi amapatsa 12. Voliti ndiwo muyeso wa kukankha kwa magetsi, monga momwe madzi ocokera m'thanki lalitali amatulukira mwamphamvu pa mpope kuposa ocokera m'thanki lalifupi.

Batire la lithiamu nalo ndi gulu la maselo olumikizidwa mu mzere, mcira wa lina kugwira mutu wa linzake. Mabatire oyamba a mtundu umenewu anagulitsidwa ndi kampani ya Sony ya ku Japan mu 1991, ndipo mu 2019 akatswiri atatu amene anawatulukira, a John Goodenough, a Stanley Whittingham ndi a Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel. Mtundu umene wafala m'nyumba za sola ndi uja wolembedwa kuti LiFePO4 kapena LFP pa bokosi. M'kati mwake muli lithiamu, citsulo ndi fosifeti, yemwe alimi amamdziwa m'feteleza wa D Compound.

Selo limodzi la LFP limapatsa mavoliti 3.2. Akalumikiza maselo 4 amapeza mavoliti 12.8, ndilo batire laling'ono la nyale ndi wailesi yakanema. Maselo 8 amapatsa 25.6. Maselo 16 amapatsa 51.2, ndilo bokosi lalikulu limene m'masitolo amalicha la mavoliti 48. Pa bokosi pamalembedwanso nambala ina, monga 100Ah, yosonyeza kukula kwa nkhokweyo. Ampu ndiwo muyeso wa kuculuka kwa magetsi oyenda mu waya, ndipo batire la 100Ah lingapatse maampu 10 kwa maola 10. La maselo 16 la msinkhu umenewu limasunga pafupi-fupi mayuniti 5 a pa mita ya ZESCO.

Selo la lithiamu lili ndi malire awiri amene siliyenera kudumpha. Podzazidwa lisapitirire mavoliti 3.65, ndipo pogwira nchito lisatsike kupitirira 2.5. Likapitirira pamwamba limatentha, kutupa ndi kutulutsa mpweya woyaka moto. Likatsikitsitsa, mkuwa wopyapyala wa m'kati mwake umayamba kudyeka, ndipo selo lotere lingadzacite ngozi tsiku lina polidzaza.

Apa ndi pamene pali kusiyana ndi batire la galimoto. La mtovu ndi lopirira. Selo lake limodzi likadzaza msanga, limangowira pang'ono ndi kutaya mphamvu yotsalayo monga mpweya, uku anzake ali kulipeza. Ndico cifukwa cake eni ake anali kuonjezeramo madzi a batire nthawi ndi nthawi. Linali kudzilinganiza lokha. La lithiamu lilibe njira yotere yotayira zosefukira. Lifunika wolilondera.

MITSUKO 16

Kuti bvutoli limveke bwino, munthu aganizire mitsuko 16 yondandalikidwa pa khonde, uliwonse wolowa makapu 100 a madzi. Pa khonde limeneli pali malamulo atatu. Loyamba, wothira madzi athire mofanana m'mitsuko yonse nthawi imodzi, ndipo wotunga atungenso mofanana, pakuti magetsi oyenda mu mzere wa maselo ndi amodzi-modzi m'selo lililonse. Laciwiri, mtsuko umodzi ukangodzaza, kuthira konse kuleke. Lacitatu, mtsuko umodzi ukangouma, kutunga konse kuleke.

Mitsuko yonse ikakhala pa msinkhu umodzi, banja limapindula makapu 100 pa mtsuko uliwonse. Koma mtsuko umodzi ukatsalira, nukhala ndi makapu 80 pamene ina 15 yadzaza, kuthira kumaleka uwo usanadzaze. Usiku potunga, wotsalirawo umauma msanga, ndipo kutunga kumaleka pamene mitsuko 15 ikali ndi makapu 20 uliwonse. Madzi alipo, maso ali kuwaona, koma lamulo laletsa kuwatunga. Ndi zimene zimacitika m'nyumba ija imene batire limazima pakati pa usiku manambala ali kunena kuti mphamvu ikalipo. Batire lonse limayenda pa liwiro la selo lotsalira, monga ng'ombe za pa goli zimayendera pa liwiro la yofooka.

Nanga maselo amasiyana bwanji, popeza anapangidwa pa fakitale imodzi? Ngakhale ana a mimba imodzi salingana. Selo lina limatuluka m'fakitale lalikulupo pang'ono, lina locepapo pang'ono. Selo lililonse limadontha mphamvu pang'ono-pang'ono ngakhale pamene silili pa nchito, monga mtsuko wadothi umacitira thukuta, ndipo kudonthako sikufanana. Kutentha kumaonjezera kudontha ndi kukalamba, kotero kuti selo la pakati pa bokosi, kapena loyang'ana cipupa cimene dzuwa la October limaomba, limasiyana ndi la m'mphepete mozizira. Kusiyana kwa tsiku limodzi ndi kocepa kosaoneka ndi maso, koma pa miyezi kumaunjikana.

NCHITO YA KAPITAO

Cifukwa ca ici, m'batire lililonse la lithiamu lopangidwa bwino muli kacipangizo kaphanthi-phanthi, kakakulu ngati cikhatho kapena buku la ku sukulu, kochedwa BMS. Zilembo zitatuzi ndi cidule ca mau a Cingerezi otanthauza dongosolo loyang'anira batire. Ameneyu ndiye kapitao wa maselo. Kucokera pa iye pamatuluka timawaya tating'ono topita pa mfundo iliyonse ya mzere, kotero kuti m'batire la maselo 16 muli timawaya 17, ndipo kudzera m'timeneti amayeza mavoliti a selo lililonse palokha, usana ndi usiku. Alinso ndi toyezera kutentha, coyezera magetsi olowa ndi otuluka, ndi switchi yodulira njira.

Nchito yake yoyamba ndi ya mlonda. Selo limodzi likafika pa malire a pamwamba, amatseka khomo lolowera. Limodzi likafika pa malire a pansi, amatseka khomo lotulukira. Amacitanso cimodzi-modzi bokosi likatentha kwambiri kapena mawaya akagundana. Cotero batire likazima lokha, sikuti lafa ai. Kapitao wacita cimene anamuikira.

Nchito yaciwiri ndi ya kalaliki. Nambala ija yosonyeza kuti mwatsala magawo 60 kapena 30 pa 100, kapitao saipeza posuzumira m'nkhokwe. Amawerenga zolowa ndi zotuluka pa khomo, monga kalaliki wa pa depoti amawerengera matumba. Akalakwitsa pang'ono tsiku lililonse, buku lake limayamba kusiyana ndi zimene zili m'nkhokwe, ndipo amalikonza pokha-pokha batire likadzaza ndithu, pamene amadziwa kuti tsopano ndi 100.

Nchito yacitatu, imene ambiri saidziwa, ndiyo kulinganiza maselo.

NJIRA ZIWIRI ZOLINGANIZIRA

Njira yoyamba, imene ili m'mabatire ambiri a m'masitolo, ndiyo yotaya. Pambali pa selo lililonse pali kanjira kakang'ono kokhala ndi kacitsulo kamene amisiri amati resistor, kamene kamasandutsa magetsi kukhala kutentha, monga waya wa m'mbaula ya magetsi. Kapitao akaona kuti selo lina latsogola, amalitsegulira kanjirako kuti litaye pang'ono, pamene otsalira ali kupitiriza kulandira. Kunena za mitsuko ija, ali ngati munthu woboola kadzenje pa khosi la mtsuko wodzaza, kuti kuthira kupitirire kufikira wotsalira utapeza anzake. Mphamvu yotayikayo ndi yocepa kwambiri, ndipo njirayi ndi yochipa, yosabvuta kupanga, yosaonongeka-onongeka.

Bvuto lake ndi kucedwa. Kadzenjeko kayenera kukhala kakang'ono kuti kapitao mwini asapse ndi kutentha. M'mabatire ambiri magetsi otayidwa motere sapitirira gawo limodzi la magawo 10 a ampu, ndipo m'ena ndi gawo limodzi la magawo 20. Pa liwiro laciwirili, kucotsa kapu imodzi pa makapu 100 aja kumatenga maola 20. Maselo akasiyana ndi makapu 5, pafunika maola 100. Apatu kuona maso a nkhono nkudekha.

Njira yaciwiri ndiyo yosamutsa. M'malo motaya, kapitao amatapa m'mtsuko wotsogola ndi kuthira m'wotsalira. Cotapira cake ndi kacipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi, kochedwa capacitor, kapena waya wa mkuwa wokulungidwa ngati nkhata. Kamalandira magetsi ku selo lina ndi kuwakhuthulira ku linzake kambiri-mbiri pa kamphindi kamodzi. Pang'ono pamatayikabe pa njira, koma zambiri zimafika. Zolinganizira zotere zimasamutsa ampu imodzi kapena awiri, kotero kuti nchito ya maola 100 ija ingathe m'maola owerengeka. Pa mabokosi amalemba kuti active balancing, pamene njira yotaya ija amati passive balancing.

Koma sikuti njira yosamutsa ndiyo yofunika pa batire lililonse. Ili ndi tizipangizo tambiri, ndi yokwera mtengo, ndipo pamene pali zambiri pamakhalanso zambiri zoti zionongeke. Maselo atsopano, osankhidwa bwino ku fakitale kuti alingane, amasiyana pang'ono-pang'ono kwambiri, ndipo njira yotaya imawakwanira. Yosamutsa imathandiza maka-maka pa maselo akulu-akulu, okalamba kapena osalingana bwino.

MSAMPHA WA MAOLA ATATU

Pali khalidwe lina la selo la LFP limene linasautsa anthu ambiri m'nyengo ya mdima ija. Selo limeneli likakhala pakati, losadzaza ndiponso losatha, mavoliti ake sasintha kweni-kweni. Kucokera pamene lili ndi magawo 20 kufikira pafupi ndi 90, limaonetsa pakati pa 3.2 ndi 3.35 basi. Selo lokhala ndi makapu 50 ndi lokhala ndi makapu 70 amaoneka ngati amapasa. Ali ngati mitsuko ya kukamwa kwakung'ono: munthu sangaone madzi kufikira atakwera kufika pa khosi. Pokha-pokha selo likayandikira kudzaza, mavoliti ake amalumpha msanga, ndipo wotsogola amaonekera poyera. Ndico cifukwa cake akapitao ambiri anauzidwa kuyamba kulinganiza selo likapitirira mavoliti 3.4 kapena capafupi pamenepo.

Tanthauzo lake ndi lakuti batire limene silidzaza sililinganizidwa. Tsono nyumba ya ku Kabwata kapena ku Chelstone imene inali ndi batire lopanda mapanelo, yodalira maola atatu a ZESCO, inali pa msampha. Magetsi akabwera, batire linali kudzaza kufika mwina pa 70, magetsi nkupitanso. Usiku linali kutsika kufikira litazima. Mawa lake cimodzi-modzi, sabata ndi sabata. Kapitao sanaone khosi la mtsuko ngakhale tsiku limodzi, ndipo buku la kalaliki nalo linali kusokera. Ngakhale ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kumene mapanelo analipo, nyumba imene inali kuyatsa pampu ya citsime, mbaula ndi simbi masana inali kudya magetsi a dzuwa asanafike m'nkhokwe.

Masamu ake ndi osabvuta. Ngati batire limakhala pamwamba ola limodzi lokha pa tsiku, nchito ya maola 100 ija imatenga masiku 100, ndiyo miyezi itatu ndi masiku ena. Ngati silifika konse pamwamba, nchitoyo siyamba nkomwe.

Msampha womwewu uli kumudzi. Banja limene lagula batire lalikulu ndi panelo laling'ono, kapena limene limachaja mafoni a mudzi wonse ndi kuonetsa mpira pa wailesi yakanema tsiku lililonse, lidzaona zomwezo, maka-maka m'miyezi ya mitambo ya January ndi February.

ZIMENE KAPITAO SANGATHE

Kulinganiza si mankhwala a nthenda zonse. Kapitao angafikitse mitsuko yonse pa khosi nthawi imodzi, koma sangakulitse mtsuko umene unacepa. Selo limene linakalamba, limene tsopano limalowa makapu 70 m'malo mwa 100, lidzadzaza loyamba ndi kuuma loyamba masiku onse, ndipo batire lonse lidzakhala la makapu 70. Akulu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Cizindikiro cake ndi ici: selo limodzi lomwelo ndilo lokwera kuposa onse podzaza, ndipo ndi lomwelonso lotsika kuposa onse pogwira nchito. Pamene selo longotsalira limakhala pansi pa anzake nthawi zonse ziwiri. Lotsalira limacira ndi kudekha. Lokalamba liyenera kucotsedwa ndi mmisiri wodziwa.

Apa ndi pamene pali ngozi ya mabatire omangidwa ndi maselo otoledwa. Pali amisiri amene amaphwasula mabatire akale a makompyuta a m'manja ndi kusonkhanitsa timaselo take tozungulira, tochedwa 18650 cifukwa ndi ta mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali. Timaselo timeneti tambiri si ta LFP. Timadzaza pa mavoliti 4.2 ndipo timagwira moto msanga tikazunzidwa. Tikacokera m'makompyuta osiyana, ta zaka zosiyana, palibe kapitao angatigwirizanitse. Nchito yotere ifuna munthu woyeza selo lililonse palokha asanalimange.

Ngozi yoposa zonse ndiyo kulambalala kapitao. Batire likamazima-zima, pamapezeka wina wonena kuti BMS ndiyo ili kubvuta, nalumikiza waya wodutsa pambali pake. Tsiku limenelo nyale zimayaka mpaka m'mawa, ndipo mwini nyumba amathokoza. Koma mlonda wacotsedwa pa khomo. Selo lotsalira lidzakamidwa kupitirira malire, lotsogola lidzadzazidwa kupitirira malire, ndipo palibe wotseka. Selo la lithiamu likayamba kupsa limadzisonkhezera lokha ndi kuyatsa linzake, moto wake ndi wobvuta kuzima, ndipo utsi wake ndi wa poizoni. LFP ndi yopirira kuposa mitundu ina, koma nayonso ili ndi polekezera. M'nyumba ya udzu, m'mene ana agona ndi mbeu za caka camawa zasungidwa, ameneyu si mcezo.

POGULA NDI POSUNGA

Safunsa anadya phula. Wogula, kapena mwana wotumidwayo, afunse ngati batire ndi la LFP, ngati lili ndi BMS m'kati, ndiponso ngati maselo ake ndi atsopano. Mabatire ambiri masiku ano amaonetsa mavoliti a selo lililonse pa kagalasi ka pa bokosi kapena pa foni. Wamalonda aonetse manambala amenewo. Pa batire labwino limene lapuma, manambalawo amasiyana pang'ono kwambiri, monga 3.32 ndi 3.33. Wogula atenge lisiti ndi pepala la cikole losonyeza zaka zimene wamalonda adzalikonza kapena kulisintha. Bungwe la Energy Regulation Board ndilo limapereka malaisensi kwa ogulitsa ndi oika zipangizo za sola, ndipo si mwano kufunsa laisensiyo. Wonyengedwa pa malonda angadandaule ku Competition and Consumer Protection Commission.

Batire likafika kumudzi, mwini wake alilole kudzaza ndithu, kamodzi pa sabata ngati nkotheka, ndipo likadzaza alisiye pa dzuwa ola lina kapena awiri osalitungamo zambiri. Tsiku limenelo zolemera zidikire. Batire limene layamba kale kuzima msanga lipatsidwe masiku angapo otere otsatizana asanaweruze kuti lafa. Panelo likhale la msinkhu wokwanira kulidzaza tsiku limodzi la dzuwa.

Cochajira cikhale ca lithiamu kapena cokonzedwera lithiamu. Makina ambiri a mabatire a mtovu ali ndi cizolowezi cokweza mavoliti kupitirira 15 kuti awiritse maselo, pamene batire la LFP la maselo 4 malire ake ndi 14.6. Batire la lithiamu lisalumikizidwe pamodzi ndi la mtovu. Amene afuna kulumikiza mabatire awiri a mavoliti 12 mu mzere kuti apeze 24, ayambe aona ngati opanga anabvomereza, ndipo adzaze lililonse palokha asanawalumikize, pakuti kapitao aliyense amalamulira maselo a m'bokosi lake lokha, sadziwa za m'bokosi la mnzake.

Bokosi likhale pa mthunzi, popita mphepo, patali ndi moto wa kukhichini, ndi mafuta a galimoto, ndi pogona ana. Likatupa, likatentha losagwirika, kapena likatulutsa fungo lacilendo, licotsedwe pa mawaya ndi kuikidwa pabwalo pa dothi, patali ndi udzu. Likayamba kufuka utsi, anthu atuluke msanga. Lakufa lisaponyedwe m'cimbudzi, m'citsime kapena pa moto; libwezedwe kwa ogulitsa, kapena afunsidwe a bungwe losamala za cilengedwe la ZEMA.

MKUWA WATHU, NZERU ZATHU

M'selo lililonse la lithiamu muli mkuwa wopyapyala ngati pepala, ndipo Zambia ndi dziko la mkuwa. M'mwezi wa April 2022, mu Lusaka, maiko a Zambia ndi Democratic Republic of Congo anasainirana pangano lakuti agwirizane pa nchito yopanga mabatire a magalimoto a magetsi, kuti miyala ya m'nthaka yao isamangotuluka yaiwisi. Umenewo ndi ulendo wautali. Koma pali nchito ina imene siyembekezera fakitale. Mabatire amene anagulidwa mwa cangu mu 2024 ali kukula, ndipo ena ambiri ali kukwera mabasi kupita kum'mawa. Pa boma lililonse pafunika anyamata ndi atsikana odziwa kuwerenga manambala 16 aja, osiyanitsa selo lotsalira ndi selo lokalamba, amene sadzadula waya wa kapitao pofuna kukondweretsa kasitomala tsiku limodzi.

Kufikira amisiri otere ataculuka, mlimi ali ndi cida cimodzi cimene sicifuna ndalama. Tsiku lina dzuwa likawala bwino, azimitse zolemera, alisiye batire lidzaze mpaka pa khosi, ndipo ampatse kapitao maola ake. Ng'ombe za pa goli zikayenda pamodzi, mzere umaongoka ndipo munda umatha.